Malungo obisala m'nsengwa: mafunso ndi mayankho pa ntchito ya Pulofesa Bernard Brabin ndi kafukufuku wa ku Chikwawa

Ndagwira ntchito ya uzamba m'chigwa cha Shire muno zaka zambiri. Mafunso ali m'munsimuwa ena amafunsa ndi ophunzira unamwino obwera kudzazolowera ntchito, ena alangizi a zaumoyo, ena amayi eniake tikakhala pabenchi kudikira kuti mzere uyende. Ambiri amazungulira pa mapiritsi atatu aja a Fansidar, oteteza ku malungo, amene mayi woyembekezera amameza ife tikuona. Ndikawauza kuti mbali ina ya umboni wa mapiritsiwo inapezeka konkuno, ku Chikwawa ndi ku Nchalo, ambiri amagwira pakamwa.

Bernard Brabin ndi ndani, nanga akutikhudza bwanji ife a kuchigwa kuno?

Ndi dokotala wa matenda a ana amene anakhala pulofesa pa sukulu ya Liverpool School of Tropical Medicine ku England. Anagwirako ntchito ku Kenya ndi ku Papua New Guinea, ndipo dzina lake lili pa zolemba zambiri za malungo ndi kuchepa kwa magazi kwa amayi apakati. Ena amadabwa kuti dokotala wa ana akufunanji kusikelo ya amayi. Amene anagonerako mu wodi ya makanda sadabwa. Kamwana kobadwa kosakwana makilogalamu awiri, kozizira zikhatho, kolephera kugwira bere, vuto lake silinayambe tsiku lobadwa. Linayamba miyezi yapitayo, usiku wina mayi ake atayala mphasa pabwalo pothawa kutentha kwa m'nyumba, udzudzu uli m'makutu.

Akutikhudza chifukwa kafukufuku wina wamkulu amene anachita ndi anzake anachitikira pa chipatala cha boma cha Chikwawa ndi pa chipatala cha Montfort ku Nchalo, mu 1993 ndi 1994. Makanda amene anapimidwa nthawi imeneyo lero ndi anthu a zaka zoposa 30, ndipo ambiri ali ndi ana awoawo.

Anapeza chiyani chimene ena sankachidziwa?

Zoti amayi oyembekezera amagwidwa malungo kuposa anzawo, madokotala anali ataziona kale ku Nigeria ndi ku Gambia. Chimene Brabin anachita mu 1983, m'nkhani imene inatuluka m'magazini ya bungwe la World Health Organization, ndi kusonkhanitsa umboni wa mayiko angapo a mu Africa, kuuika pamodzi ndi zimene zinapezeka kumadzulo kwa Kenya, n'kufunsa funso looneka laling'ono: kodi tizilomboti timachuluka liti m'thupi la mayi?

Yankho linali lakuti kuyambira sabata ya 13 kufika ya 16, ndiye kuti mwezi wachitatu ukamatha, wachinayi ukamayamba. Ku Kenyako, pa nthawi imeneyo, mwa amayi 100 a mimba yachisamba pafupifupi 86 anali ndi tizilombo ta malungo m'magazi. Mwa amene anaberekapo kale anali pafupifupi 52.

Manambala amenewa ine amandikhalira pamtima. Mwezi wachitatu mimba imakhala isanaoneke, chitenje chikumangika bwinobwino. Apongozi mwina angoyamba kukayikira poona kuti mtsikana akulavulalavula ndipo akuthawa fungo la mlamba wowamba. Palibe wanena kanthu, poti mimba yaing'ono saiulula, anthu angaimange. Ndiye sikelo ambiri kuno amayamba mwezi wachisanu kapena wachisanu ndi chimodzi. Nthawi imene malungo amalusa kwambiri ndi yomweyonso imene mwambo wathu umati tikhale chete.

Bwanji mimba yachisamba ndiyo imavutika kwambiri?

Munthu wokulira ku Makhanga kapena ku Bangula walumidwa ndi udzudzu kuyambira ali kumsana kwa amake. Akamafika zaka 18 thupi lake lazolowera nkhondoyi, ndipo malungo akabwera samugwetsa ngati mlendo wochokera kumene malungo ndi ochepa. Koma mimba imabweretsa chiwalo chimene thupi silinakhalepo nacho, nsengwa, ndipo tizilombo ta mtundu wa falciparum tili ndi njira yobisalira mmenemo. Tikalowa m'maselo ofiira a magazi, timawamera zomata kunja kwake, maselowo n'kukakamira m'nsengwa m'malo mozungulira mpaka kukapamba kumene akanaphwanyidwa. Amene anaonetsa kakakamiridwe kameneka ndi Michal Fried ndi Patrick Duffy mu 1996, pofufuza nsengwa za amayi a ku Kenya. Pa mimba yoyamba thupi la mayi lilibe asilikali oudziwa mtundu wokakamirawu. Pa yachiwiri ndi yachitatu limakhala litauphunzira, n'chifukwa chake vuto limanka lichepa.

Nsengwa yodzaza tizilombo imatupa, ndipo chakudya ndi mpweya wopita kwa mwana zimadutsa movutikira. Mwana amabadwa wochepa thupi ngakhale masiku akwana, kapena amabadwa masiku asanakwane. Mimba ina imapita padera, ina imathera mtayo. Mayi naye magazi amatsika, poti maselo ake akuphwanyika tsiku ndi tsiku. Mu 2004 Brabin ndi anzake analemba nkhani yaitali yofotokoza zonsezi, ndipo anasankha mawu oti nsengwa yodwala. Mawuwo ndi olondola. Nthawi zambiri wodwala si mayi amene mukumuona akusinja pamtondo, koma chiwalo chimene chikudyetsa mwana.

Koma ine sindikumva kuphwanya m'thupi kapena kutentha. Malungo ake atiwo?

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tsiku lina m'mawa kunabwera mtsikana wa zaka 17 ndi agogo ake, onse pa kabaza mmodzi. Mimba inali ya miyezi isanu ndi iwiri, ulendo woyamba wa sikelo. Ndinati, "Agogo, mwachedwa naye bwanji mwanayu?" Iwo anayankha mosatekeseka, "Anamwino, ameneyu sanadwalepo. Kudimba akupita, madzi akutunga, nsima akudya." Ndinamukoka chikope cham'munsi. M'malo mofiira munali mbee, ngati ufa woyera. Zikhatho chimodzimodzi. Nditamufunsa patokha anavomera kuti akamakwera mtunda pochokera kumtsinje mtima umagunda mpaka m'makutu, ndiponso kuti amabisa dothi la pachulu m'kansalu, kumadya usiku. Thupi silinali lotentha ngakhale pang'ono, koma kachipangizo koyezera malungo kanatulutsa mizere iwiri, kusonyeza kuti tizilombo tilimo, ndipo mulingo wa magazi ake unali pa 7 ndi kadontho. Mayi woyembekezera amayenera kukhala ndi 11 kapena kuposa. Agogo aja anangoti chete, kenako anati, "Ndiye akanangogwa tsiku lochira?" Sindinawabisire kuti inde, zikanatheka.

Dziwaninso kuti nthawi zina kachipangizo kaja kamaonetsa mzere umodzi pamene tizilombo tili phee m'nsengwa, chifukwa m'dontho la pachala timakhala tochepa. Ndiye chifukwa chake Fansidar timapereka kwa mayi aliyense woyenera kumwa, osadikira kuti adwale.

Kafukufuku wa ku Chikwawa anayenda bwanji, ndipo analipo ndani?

Amene anali pamalopo tsiku ndi tsiku ndi Francine Verhoeff, dokotala wa ku Netherlands, ndipo pambuyo pake ntchitoyi inamupatsa digiri ya PhD pa yunivesite ya Leiden. Pa zolemba zake palinso dzina la Dokotala Peter Kazembe, katswiri wathu wa matenda a ana amene pambuyo pake anatsogolera chipatala cha ana cha Baylor ku Lilongwe, ndi la Pulofesa Robin Broadhead wa ku College of Medicine, sukulu imene inali itangotsegulidwa mu 1991. Patapita zaka, Mmalawi wina, Boniface Kalanda, anabwereranso ku manambala omwewo kufufuza za kubadwa ndi kakulidwe ka anawo.

Kachitidwe kake kanalibe makina odabwitsa. Mayi akabwera ulendo woyamba wa sikelo ankalembedwa zaka zake ndi mimba zimene anakhalapo nazo, ankapimidwa msinkhu ndi thupi, n'kutengedwa magazi pang'ono oyezera malungo ndi kuchuluka kwa magaziwo. Tsiku lochira mwana ankaikidwa pasikelo, n'kuyezanso magazi a mumchombo ndi a m'nsengwa. Ana ena anatsatiridwa mpaka atakwanitsa chaka. Amayi olembedwa anaposa 4,000, ndipo amene anadzachilira m'zipatala ziwirizo anali cha m'ma 1,500. Otsalawo anachilira kwina, poti masiku amenewo azamba akumudzi anali akugwirabe ntchito poyera. Choncho zambiri za tsiku lobadwa zinachokera kwa amayi amene anakwanitsa kufika kuchipatala, osati amene anatsekeredwa tsidya la mtsinje wa Mwanza utadzaza.

Nanga anapeza zotani?

Choyamba ndi magazi. Pa avereji, amayi a mimba yachisamba anali ndi magazi a 8.7, ndipo amene anaberekapo kangapo anali ndi 9.2. Onani bwino: izi si za odwala ogonekedwa, koma za mzere wonse wa sikelo. Mulingo umene mabuku amautcha kuchepa kwa magazi ndi umene unali wamba kuchigwa kuno. Zifukwa zazikulu zinali malungo, makamaka pa mimba yoyamba, ndi kusowa kwa ayironi m'thupi.

Chachiwiri ndi mapiritsi. Amayi amene anamwa Fansidar kawiri anabereka ana olemerapo kusiyana ndi amene anamwa kamodzi, ndipo ana obadwa osakwana makilogalamu 2.5 anali ochepa kwambiri pakati pawo. Zimenezi zinasindikizidwa mu 1998.

Chachitatu ndi HIV, pa nthawi imene ma ARV kunalibe. Mwa amayi oyezedwa, pafupifupi mmodzi mwa anayi anali ndi kachilombo, ndipo amenewa malungo ankawapeza kwambiri, ngakhale aja oberekapo kale amene akanayenera kukhala otetezeka. Kachilomboka kankafafaniza zimene thupi linaphunzira pa mimba zam'mbuyo. Kwa amayi otere kumwa Fansidar kawiri kokha kunali kosakwanira.

Chachinayi sichitchulidwa kawirikawiri, koma ine ndimachiona chachikulu. Poyeza magazi a mumchombo anapeza kuti makanda oposa mmodzi mwa asanu alionse ankabadwa ali kale ndi magazi ochepa. Kale tinkaphunzitsidwa kuti mwana m'mimba amatenga zonse zimene akufuna, wovutika n'kukhala mayi yekha. Manambala a ku Chikwawa anaonetsa kuti mayi akaperewera kwambiri mwananso amabadwa ndi ngongole, ndipo amalowa nayo m'chaka chake choyamba, chimene ndi chaka cha malungo, chibayo ndi kutsegula m'mimba.

Ndiye kuti Fansidar wa kusikelo anayambitsa ndi iwowa?

Ayi, ndipo tisawapatse ulemu wa eni ake. Maziko anakumbidwa ku Mangochi, kumene Jack Wirima, Richard Steketee ndi anzawo anafufuza amayi ambirimbiri kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 n'kuona kuti chloroquine wa sabata ndi sabata sankatetezanso mokwanira. Mu 1993 Malawi anakhala dziko loyamba mu Africa kusiya chloroquine n'kutenga Fansidar ngati mankhwala oyamba a malungo, ndiponso loyamba kupereka Fansidar kwa amayi oyembekezera ngati chitetezo. Za ku Chikwawa zinabwera ndondomekoyi itangoyamba, ndipo zinaonetsa mmene inkayendera m'zipatala wamba za kumudzi, kotentha, kwa udzudzu wa chaka chonse. Umboni wa ku Mangochi, wa ku Chikwawa ndi wa ku Kenya ndi umene unathandiza kuti mayiko ena a mu Africa atsatire.

Fansidar analeka kuchiza malungo kalekale. Tikumwerabe chiyani?

Funsoli ndi lanzeru, ndipo ofufuza akhala nalo zaka zambiri. N'zoona kuti tizilombo tinamuzolowera, mpaka mu 2007 boma linasintha n'kubweretsa LA. Koma kuchiza mwana amene akunjenjemera ndi malungo n'kosiyana ndi kuthandiza thupi la mayi wamkulu, lomwe lili kale ndi chitetezo china, kuti tizilombo tisachuluke. Mu 2012 World Health Organization inasintha malangizo: mimba ikadutsa miyezi itatu, mayi amwe Fansidar paulendo uliwonse wa sikelo, motalikirana mwezi umodzi, kosachepera katatu, mpaka kuchira. M'miyezi itatu yoyambirira samwa.

Njira zina zinayesedwa, ndipo woyesa wake wamkulu ndi Mmalawi, Dokotala Mwayiwawo Madanitsa, mothandizana ndi Feiko ter Kuile wa ku sukulu yomweyo ya ku Liverpool. Pa kafukufuku amene anatuluka mu 2016, amene Chikwawa inali imodzi mwa malo ake, anayesa kuyeza mayi magazi paulendo uliwonse n'kumupatsa mankhwala atsopano otchedwa DP pokhapokha akapezeka ndi tizilombo. Njirayi sinapose Fansidar, ndipo amayi opezeka ndi malungo tsiku lochira anali ochulukirapo. Mu 2023 kunatulukanso zotsatira za amayi oposa 4,600 a ku Malawi, Kenya ndi Tanzania. DP wa mwezi ndi mwezi anachepetsa malungo kuposa Fansidar, komabe mimba zothera bwino, makamaka pa kulemera kwa mwana, zinali zambiri kwa omwa Fansidar. Ofufuza akuganiza kuti Fansidar amathandiza kakulidwe ka mwana m'njira zinanso, kupatula kupha tizilombo ta malungo.

Ndikudziwa kuti ena amabisa piritsi m'tsaya, ena amamanga pa mfundo ya chitenje kuti akataye panjira, poopa chizungulire. N'chifukwa chake timakhala ndi ndowa ya madzi ndi kapu pomwepo. Mantha oti amachotsa mimba ndi opanda maziko akamwedwa pa nthawi yake. Chizungulire ndi mseru zimachitika kwa ena, koma zimatha. Mukadya kaphala kapena kambatata musananyamuke zimachepa.

Mayi akadwala malungo enieni, kutentha thupi ndi kuphwanya, Fansidar si mankhwala ake. Apite kuchipatala tsiku lomwelo akalandire mankhwala ochiza oyenera msinkhu wa mimbayo.

Ndili pa ma ARV ndipo ndimamwa Bactrim. Nanenso ndimwe Fansidar?

Ayi. Awiriwa ndi a banja limodzi, ndipo kuwaphatikiza kumaonjezera chiopsezo cha zotupa zoopsa za pakhungu. Bactrim wa tsiku ndi tsiku amatetezanso ku malungo. Uzani anamwino ndipo muwaonetse buku lanu. Chimodzimodzi ngati munatulukapo ziwengo mutamwa limodzi mwa mankhwala awiriwa.

Akuti Brabin ankayeza malungo a dera lonse ndi sikelo ya makanda. Zimatheka bwanji?

Ili ndi ganizo lake la mu 1991, ndipo ndimalikonda chifukwa ndi la anthu osauka zipangizo ngati ife. Popeza malungo amapweteka kwambiri mimba yachisamba, tengani kaundula wa mu wodi yochilira, muwerenge ana achisamba obadwa osakwana makilogalamu 2.5, muyerekeze ndi ana a amayi oberekapo. Kumene malungo ali ochuluka, mpata wa magulu awiriwa umakhala waukulu. Ntchito yolimbana ndi malungo ikamayenda, mpatawo umachepa. Sipafunika makina oonera tizilombo kapena magetsi, pamangofunika sikelo yolondola ndi mzamba wolemba zoona.

Ophunzira anga ndimawauza zimenezi ndikaona wina akulemba "3.0" pa mwana aliyense chifukwa watopa. Nambala ija imene ukulemba 3 koloko ya usiku, nyali ya foni ili pakamwa, ndi yomweyo imene wina adzawerengere kuti adziwe ngati masikito ogawidwa ku Ngabu anathandiza.

Kuchepa kwa magazi kumaphadi, kapena kumangofooketsa?

Kumapha. Mu 2001 Brabin ndi anzake awiri anasanthula zolemba za m'mayiko ambiri n'kupeza kuti mu Africa, pa imfa 100 za uchembere, pafupifupi zisanu ndi imodzi zimakhudzana ndi kuchepa kwa magazi, ndipo mayi amene magazi ake atsikiratu ali pa chiopsezo choposa katatu. Chifukwa chake mzamba aliyense amachidziwa ndi manja ake. Mayi aliyense amataya magazi pochira. Wa magazi okwanira amataya theka la lita, mawa lake n'kumachapa matewera. Wofika ndi magazi a 6, kutaya komweko kumamuzizira miyendo tikuona, ndipo magazi omuonjezera sapezeka nthawi zonse pafupi.

Monga dziko tayendapo. Kafukufuku wa boma wa za umoyo anapeza imfa za uchembere 984 pa ana 100,000 obadwa amoyo mu 2004, kenako 675 mu 2010, ndi 439 mu 2015 ndi 2016. Koma ngakhale 439 aja anali maliro ambiri.

Mapiritsi oonjezera magazi aja amadetsa chimbudzi ndipo ena amawamanga m'mimba, koma sakulitsa mwana mpaka kukanika kubadwa monga amanenera ena. Musawamwere tiyi, amatsekereza ayironi kulowa m'thupi. Mankhwala a njoka za m'mimba amene timapereka mimba ikadutsa miyezi itatu ndi a nkhani yomweyi, poti njoka zolowera kumapazi zimayamwa magazi, ndipo kumadimba ambiri timalima opanda nsapato.

Za atsikana aang'ono anapezapo chiyani?

Mbali imeneyi anaitsogolera Loretta Brabin, ndipo inatuluka mu 1998 kuchokera pa manambala omwewo a ku Chikwawa. Atsikana osakwana zaka 20 anali ambiri pamzere wa sikelo, ambiri osadziwa kuwerenga, ena ali kale pa mimba yachiwiri, ndipo malungo ndi kuchepa kwa magazi zinali zochuluka pakati pawo. Mtsikana wotere wasenza mitolo iwiri: mimba ndi yoyamba, komanso thupi lake likufunabe ayironi woti likulire. Lamulo la 2015 linaika zaka 18 ngati msinkhu wokwatira, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko anasinthidwa kuti agwirizane nalo. Komabe mtsikana amene watenga kale mimba safunika kukalipiridwa pamzere. Ndinaonapo wina akunyozedwa pagulu ndi wantchito mnzathu kuti "unkafuna chiyani", ndipo sanabwerenso mpaka tsiku la matenda. Amene ali pa chiopsezo chachikulu ndi amenenso amathawa msanga tikawachititsa manyazi.

Magazi amene ofufuza amatenga amapita nawo kuti?

Funsoli silichoka, ndipo linakula mu 2017 pamene mphekesera za anamapopa zinafalikira m'maboma a kumwera. Sindiliseka, chifukwa magazi ndi nsengwa ndi zinthu zolemekezeka kwathu. Magazi a kafukufuku amakhala dontho la pachala kapena kabotolo kochepera supuni, ndipo amapita kulabu kukawerengedwa tizilombo ndi maselo. Masiku ano kafukufuku aliyense wa pa anthu amayenera kuvomerezedwa kaye ndi komiti yoona za kafukufuku, monga ya ku Kamuzu University of Health Sciences kapena ya boma ya NHSRC. Ayenera kukufotokozerani m'chilankhulo chimene mukumva, kaya Chichewa kaya Chisena, zimene atenge, kumene azisunge ndi chimene akufuna kudziwa. Muli ndi ufulu wokana kapena kusiyira panjira, ndipo thandizo lanu la kusikelo silisintha.

Chimene ndimadandaula n'chakuti zotsatira sizibwerera mokwanira kwa eni magazi. Amayi a 1993 aja anathandiza dziko lonse la Africa, koma zimene zinapezeka zinalembedwa m'Chingerezi, m'magazini a kunja. Wofufuza aliyense wobwera kuno ayenera kudzakhalanso pansi pa mtengo womwe uja anapemphera chilolezo kwa amfumu, n'kunena zimene wapeza.

Bwanji nkhani ya amayi athu ikutchuka ndi dzina la mlendo?

Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, koma ometa ndi ometedwa anali eni mudzi: anamwino olemba kaundula, a mulabu owerama pa makina tsiku lonse, alangizi opalasa njinga kukafuna mwana amene sanabwere kusikelo. Nthawi imeneyo madokotala a Chimalawi ochita kafukufuku anali owerengeka. Lero zasintha. Bungwe la Malawi-Liverpool-Wellcome lili ndi malo ake ku Chikwawa, ndipo mayina ngati Madanitsa ndi Kamija Phiri ndi amene akutsogolera kafukufuku wa malungo ndi magazi. Ndikufuna kudzaona mwana wa ku Nsanje kapena ku East Bank ali patsogolo pa ntchito yotere, wodziwa kuti ulendo wochokera kwawo kukafika kuchipatala cha Trinity ku Muona ndi wotani mvula ikagwa.

Katemera wa malungo uja amateteza amayi oyembekezera?

Ayi. Amene anayamba kuperekedwa m'dziko muno mu 2019 ndi wa ana aang'ono. Katemera wolimbana ndi tizilombo tokakamira m'nsengwa akadali poyesedwa.

Zonsezi zimathandiza chiyani madzi akasefukira, anthu ali m'misasa?

Apa ndi pamene chigwa chathu chimasiyana ndi madera ena. Madzi osefukira a Januwale 2015, anamondwe Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023: nthawi zonse madzi akaphwera amasiya zithaphwi, udzudzu n'kuswana, pamene masikito, mabuku a kuchipatala ndi mapiritsi zapita ndi Shire kapena Ruo. Amayi apakati amagona m'makalasi anthu makumimakumi, popanda pomangirira neti. Mwezi umodzi wodumpha Fansidar umasanduka itatu.

Buku likatayika musaope kubwera, tidzakulemberani lina ndipo tidzayambira pamene mukukumbukira. Zipatala zoyendayenda zikafika pamsasa, mayi wapakati adzionetse ngakhale mimba isanaoneke. Amene mumakhala kumene msewu umaduka, ngati ku Makhanga, mwezi wachisanu ndi chinayi ukayamba m'nyengo ya dzinja pitani kuchidikiro msanga, madzi asanatseke njira. Za masikito opherako nsomba kapena otchingira mbewu kudimba ndimazimvetsa, njala ndi njala. Koma ngati m'nyumba mwatsala neti imodzi yokha, agonemo ndi mayi woyembekezera ndi kamwana kakang'ono.

Mdzukulu wanga wangodumpha miyezi iwiri. Kwathu mimba yaing'ono sitiulula. Nditani?

Agogo, mwambowo sungani. Musauze mudzi, musauze a pachitsime. Koma anamwino si mudzi, ndipo zimene timamva m'chipinda chopimira zimathera momwemo. Mutengeni m'mawa ngati mukupita kumsika kapena kukaona wodwala, palibe angadziwe.

Ulendo woyambawu Fansidar sitimupatsa, poti nthawi yake sinakwane, koma tidzamulembera tsiku lodzayamba. Tidzamupima magazi ndi kuthamanga kwake, tidzamuyeza HIV ndi chindoko, adzabayidwa katemera wa kafumbata, adzalandira mapiritsi oonjezera magazi ndi neti yonyikidwa m'mankhwala. M'miyezi itatu yoyambayi neti ndiyo chitetezo chake chachikulu ku udzudzu. Ngati mwamuna wake alipo abwere naye, ngati ali ku Joni kapena wakana mimba musadikire. Wina akakubwezani pachipata chifukwa mwabwera opanda bambo, funsani mkulu wa anamwino kapena ofesi yolandira madandaulo pachipatalapo.

Mukafika kunyumba, netiyo muiyanike pamthunzi tsiku limodzi kuti isamuyabwe, kenako mumumangire nokha, m'mphepete mwake mupindire kunsi kwa mphasa. Kukatentha n'kufuna kugona pabwalo, zikani timitengo tinayi, atuluke nayo.